Musanatsegulitse pampu: kufufuza vuto la mafuta pa galimoto ya dizilo muli pakhomo

Galimoto ya dizilo ikakana kulira m'mawa kapena ikayamba kufooka pamtunda, mawu amene anzanu amathamangira kunena ndi akuti pampu yatha. Ine ndimakonza magalimoto kuseri kwa nyumba kuno ku Mufakose mu Harare, makamaka ma Hilux a injini ya 3L ndi 5L, ma Isuzu KB ndi makombi a Hiace, ndipo ambiri amene amandipeza atauzidwa zimenezi, pampu yawo imakhala ili bwinobwino. Chimene chimavuta ndi mpweya, madzi kapena fyuluta yotsekeka. Zitatuzi mungathane nazo nokha ndi sipanala zochepa, botolo loonekera mkati, ndi kapaipi kapulasitiki koonekera mkati kotalika ngati mkono.

Choyamba dziwani njira imene mafuta amayenda. Amachoka mu thanki, amadutsa paipi ya kunsi kwa galimoto, amalowa mu fyuluta, kenako mu pampu, imene imawakankhira mwamphamvu ku ma injekitala, amene amawapopera mu masilinda a injini. Otsala amabwerera ku thanki pa paipi ina yaing'ono. Pa injini zakale ngati 3L mulibe pampu yamagetsi mu thanki. Pampu ya pa injini ndi imene imadzikokera yokha mafuta. Choncho paipi ikang'ambika pakati pa thanki ndi pampu, nthawi zambiri simuona dontho pansi, chifukwa m'malo motulutsa mafuta, imakoka mpweya. Zili ngati mwana akuyamwa madzi ndi phesi la papaya lobooka pakati: amavutika kukoka koma pakamwa pamangofika thovu. N'chifukwa chake munthu amalumbira kuti galimoto yake sikudontha paliponse, koma vuto lili pomwepo.

Musanagwire sipanala, uzani wina alize injini inu mutaima kumbuyo n'kumayang'ana ekizozi. Ngati pakutuluka utsi woyera wonunkha dizilo, mafuta akufika koma sakuyaka. Mu June ndi July, Harare ikazizira, kawirikawiri amakhala ma heater plug (mapulagi otenthetsa mkati mwa injini isanalire) kapena batire lofooka limene likuzunguza injini mwaulesi, ndipo mafuta alibe mlandu. Koma ngati injini ikuzungulira bwino, utsi osatuluka ngakhale pang'ono, ndiye kuti mafuta sakufika, tiyeni tiwatsate.

Musakhulupirire geji. Zoyandama za mu thanki zimakakamira, ndipo galimoto ikaima pamalo otsetsereka mafuta ali ochepa, paipi imatha kukoka mpweya. Tsegulani chivindikiro cha thanki. Mukamva chikukoka mpweya mwamphamvu, makamaka galimoto itazima yokha pa msewu, kabowo kopumira katsekeka. Yendani pang'ono chivindikiro chili chomasula, muone ngati zisintha.

Kenako pitani pa pampu. Chakumbuyo kwake pali ka solenoid kokhala ndi waya mmodzi, kamene kamatsegula njira ya mafuta mukapotoza kiyi. Ikani chala pamenepo wina atembenuze kiyi osaliza injini. Muyenera kumva kuti "tha". Kakakhala chete, yesani ndi babu loyezera magetsi ngati 12 volts ikufika, ndipo onani fyuzi. Waya ameneyu amakonda kumasuka kapena kuchita dzimbiri, ndipo ndaonapo anthu atakoketsa galimoto kuchokera ku Norton chifukwa cha kanati kamodzi kosamanga.

Tsopano fyuluta, pamene pagona nkhani. Kunsi kwake kuli kotsekera kapulasitiki kokhetsera madzi. Ikani botolo pansi, masulani pang'ono, ndipo popani kabatani kapamwamba pa fyuluta mpaka mutatunga ngati theka la kapu. Liikeni pansi likhazikike. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, ndiye amakhala pansi ndipo malire ake amaoneka bwino. Ngati nyali ya madzi pa dashibodi inayakapo inu n'kuinyalanyaza, musadabwe ndi zimene muone. Mukaona zakuda zoterera ngati ndere, ndi tizilombo timene timamera pamene madzi akumana ndi mafuta, ndipo kusintha fyuluta kokha sikukwanira. Thanki iyenera kutsitsidwa n'kutsukidwa, pamodzi ndi kasefa kamene kamakhala kumapeto kwa paipi yokokera.

Madziwa amachokera kuti? Chiyambire mizere ya mafuta ya 2008 ndi 2019, ambirife tinazolowera kusunga dizilo m'migolo ndi m'zigubu. Mgolo wokhala panja nyengo ya mvula umamwa madzi pa chivindikiro, ndipo thanki yoyenda ili pafupi kuuma imachita thukuta mkati usiku. Ngati mukuthira kuchokera mu mgolo, musakokolole mpaka pansi. Nunkhizaninso zomwe mwatungazo. Dizilo wogulidwa m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini. Galimoto imayenda ndithu, koma pampu imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane, ndipo palafini ndi wouma. Ndalama imene mwapulumutsa pa chigubu mudzaipereka kangapo kwa okonza pampu.

Posintha fyuluta, nyamulani yakaleyo popita ku Kaguvi Street, kumene amagulitsa zida za magalimoto, kuti mukafanizire, ndipo yopepuka modabwitsa kapena yotchipa kwambiri isiyeni. Chotsani sensa ya madzi pa yakale muike pa yatsopano ndi mphira watsopano. Pakani dizilo pang'ono pa mphira wapamwamba, mangani ndi manja basi, osati ndi chida. Kenako popani mpaka kabatani kalimbe.

Kabatani kameneka ndi mboni yabwino ya mpweya. Galimoto imene imavuta kulira ikagona usiku, koma masana imalira kamodzi, ipopeni m'mawa musanagwire kiyi. Kakakhala kofewa kwa nthawi yaitali, ndipo mutapopa galimoto n'kulira msanga, ndiye kuti usiku mafuta amabwerera ku thanki chifukwa penapake pakulowa mpweya. Kuti mupeze malowo, chotsani paipi ya pakati pa fyuluta ndi pampu, muikepo kapaipi koonekera kaja, lizani injini. Timathovu tochepa poyamba si kanthu. Koma tikamangodutsa mosalekeza, ndipo tikuchuluka mukaponda moto, mpweya ulipo. Zimitsani, samutsirani kapaipiko mbali yolowera mu fyuluta. Ngati kumeneko mafuta akubwera oyera, wolakwa ndi mutu wa fyuluta, ndipo pa ma Toyota akale nthawi zambiri ndi mphira wa mkati mwa kabatani kopopera komweko. Mutu wonsewo amagulitsa, kumata ndi guluu n'kutaya nthawi. Ngati thovu likuchokera kumbuyo, tsatani paipi mpaka ku thanki: ma kilampu omasuka, mphira wouma wong'aluka kumapeto, ma washala a kopa amene anagwiritsidwa ntchito kawiri, paipi yachitsulo yadzimbiri pamene yagundana ndi chasisi. Musaiwale timapaipi tobwezera mafuta, nato timalowetsa mpweya injini ikazima.

Mukafuna yankho lachangu, dyetsani injini kuchokera mu chigubu. Thirani dizilo woyera, lowetsanimo paipi yopita ku pampu, makamaka mutaikapo kafyuluta kakang'ono, ndipo paipi yobwezera ilowenso momwemo, apo ayi chigubu chiuma mu mphindi zochepa. Injini ikalira bwino chonchi, pampu ndi ma injekitala achotseni pa mlandu. Vuto lili kumbuyo.

Kuchotsa mpweya mafuta atakutherani kapena mutamasula mapaipi n'kosavuta. Popani mpaka palimbe. Ikakanabe, masulani theka la kuzungulira manati a mapaipi achitsulo pa ma injekitala awiri kapena onse, nthawi zambiri ndi sipanala ya 17. Phimbani ndi sanza, manja kutali. Lizani masekondi 10, pumitsani sitata kwa theka la mphindi, bwerezani. Poyamba patuluka thovu, kenako mafuta okhaokha. Mangani, lizani. Iyamba monjenjemera kenako ikhazikika. Chonde musaithire petulo kapena zopopera zoyatsira mu paipi ya mpweya, monga amachitira ena pa renki. Ndi ma heater plug otentha, mukhoza kuphwanya pisitoni.

Sipanala yomweyo imathandiza injini ikamadumphadumpha kapena kugogoda. Ikulira pamalo, masulani nati ya injekitala imodzi. Kulira kukasintha, silinda imeneyo ikugwira ntchito, mangani mupite pa ina. Pamene mwamasula koma osasintha kanthu, vuto lili pamenepo, ngakhale kuti mwina ndi ma valavu kapena kompuresheni osati injekitala. Kumasula ma injekitala mungathe, koma kuwayeza kumafuna makina. Apititseni onse kwa a dizilo ku Graniteside kapena ku Southerton, muimirire pomwepo muone mmene akupoperera: yabwino imatulutsa nkhungu, yotha imadontha. Pobwezeretsa, ma washala akhale atsopano.

Utsi wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya, ndiye yambani ndi fyuluta ya mpweya, makamaka fumbi la August mpaka October likadutsa. Kumbukiraninso kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo itasenza matumba a ku Mbare Musika imafuka pang'ono pokwera. Zimenezo si matenda. Ndipo wina akakuuzani kuti akupotozereni sikuluu ya mafuta pa pampu kuti galimoto ikoke, mukaneni. Mungowonjezera utsi ndi kutentha kwa injini.

Zomasula manati a ma injekitalazi ndi za injini zakale zokha. Pa common rail, injini zamakono zimene ma injekitala onse amalandira mafuta kuchokera mu paipi imodzi yotchedwa rail, monga Hilux D-4D ya 1KD kapena 2KD imene inabwera kuyambira 2005, mphamvu ya mafuta m'mapaipi achitsulo imatha kupitirira 1,500 bar. Kamtsinje kake, kosaoneka n'komwe, kamaboola khungu, ndipo munthu atha kuduka chala. Pa zimenezi inu khetsani madzi, sinthani fyuluta mwaukhondo kwambiri osathiramo mafuta osasefa, popani, fufuzani mpweya mbali ya thanki, basi. Zotsalazo zimafuna makina owerengera makodi. Ikatuluka kodi ya P0087, ikutanthauza kuti mphamvu ya mafuta mu rail yachepa, ndipo ngakhale apo yambani ndi fyuluta musanagule suction control valve, valavu ya pa pampu yolamulira mafuta olowamo, imene imavutadi pa injini zimenezi. Injekitala yatsopano ya D-4D imafunanso kulembetsa nambala yake mu kompyuta ya galimoto. Ndipo ngati pa filingi siteshoni akuthirirani petulo mwangozi, galimotoyo musailize n'komwe. Ikankheni pambali, thanki ikhuthulidwe.

Nanga pampu imakhala yolakwa liti? Ikamadontha pa thupi lake lenileni, monga pa shafti ya moto kapena pa chivindikiro chapamwamba. Galimoto ikamalira bwino ili yozizira koma n'kumakana ikatentha, batire ndi sitata zili bwino. Mukaona tizitsulo tonyezimira mu mafuta. Kapena mutaidyetsa kuchokera mu chigubu, solenoid ikugunda, mpweya mwachotsa, koma pa ma injekitala osafika kanthu. Oilo akamakwera pa dipisitiki n'kumanunkha dizilo, imikani galimoto tsiku lomwelo. Pamenepo pitani kwa okonza pampu, muwauze zonse zimene mwayesa kale, ndipo ngati pampuyo muichotsa nokha, lembani chizindikiro pamene pampu yakhalira ndi injini komanso pa timing musanamasule bawuti iliyonse, ndipo mabowo onse otseguka muwatseke ndi pulasitiki yoyera kuti fumbi lisalowe.