Mtengo wa mfuti yakale ya asilikali: muyambe ndi mapepala, chitsulo pambuyo

M'nyumba zina zakale za kufupi ndi maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje mumapezeka timfuti ta m'manja tomwe tidagwirapo ntchito kunkhondo, monga revolver ya Webley kapena ya Enfield. Mwini wake akatisiya, abale amayamba kufunsana kuti igulitsidwe zingati. Funsolo limafulumira. Choyamba ndi laisensi.

Mfuti yopanda laisensi ilibe mtengo, ndi mlandu. Laisensi imakhala m'dzina la munthu, ndiye siyisamukira kwa mwana yokha ngati njinga kapena wailesi ya malemu. Dziwitsani apolisi, ndipo yerekezani nambala ya pamfuti ndi ya papepala, chilembo ndi chilembo. Wogulanso akhale ndi chilolezo chake musanamupatse. Mfuti ya Tokarev kapena Makarov yomwe wina akuti idabwera kudzera ku Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, musayiyese n'komwe mtengo. Musayende nayo mu minibasi, kauzeni apolisi kuti ili pakutipakuti.

Musanaiyang'ane, ichotseni zipolopolo

Webley ndi Enfield zimatseguka popindika pakati. Dinani kachitsulo ka kumanzere, mpope ugwere pansi, ndipo suzumirani m'mabowo onse 6 a cylinder, chitsulo chozungulira chomwe mumalowa zipolopolo. Pa mfuti ya Browning Hi-Power yambani ndi kuchotsa magazini (kabokosi ka zipolopolo), kenako kokani slide, chitsulo chotsetsereka cha pamwamba, ndi kuona m'kati. Mukasemphanitsa, mukulowetsa chipolopolo m'malo mochichotsa, ndipo ngozi zimachitikira pamenepa.

Dziwani chomwe mwagwira

Webley Mk VI idayamba kugwiritsidwa ntchito ndi asilikali a Britain mu 1915 ndipo imadya zipolopolo za kukula kwa .455. Enfield No. 2 idabwera mu 1932, ya zipolopolo za .38, ndipo mtundu wake wa Mk I* ulibe pogwira ndi chala pa hammer, kachitsulo ka kumbuyo komwe kamamenya chipolopolo. Umo ndi m'mene idapangidwira, musaganize kuti padathyoka. Webley Mk IV yolembedwa kuti WAR FINISH imaoneka yosasalala chifukwa idapangidwa mofulumira nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kachizindikiro kooneka ngati mutu wa muvi ndi ka boma la Britain. Mivi iwiri yoyang'anizana ikutanthauza kuti boma lidaigulitsa.

Kenako nambala. Pa Webley imalembedwa pathupi, pampope ndi pa cylinder. Zonse zitatu zikafanana, mfutiyo ndi yathunthu monga idachokera kufakitale. Imodzi ikasiyana, ndiye kuti wina adalumikiza ziwalo za mfuti ziwiri, ndipo osunga mfuti zakale amatsitsa mtengo ngakhale ikuwomba bwino.

Pali chilema china chomwe ambiri sachiona. Ma Webley ambiri a .455 adapalidwa kumbuyo kwa cylinder kuti azilowa zipolopolo za .45 ACP za ku America. Mudzaizindikira poona kuti nambala ya m'mphepete mwa cylinder yadulidwa theka, kapena kumbuyoko kuli kosalala kopanda chidindo chilichonse. Yoteroyo yataya mtengo, komanso n'njoopsa, pakuti mphamvu ya .45 ACP imaposa yomwe Webley idapangidwira.

Dzimbiri la kuno

Apa ndi pomwe mfuti za kuno zimagwera. Chinyezi cha chiperoni chimalowa mpaka m'sutikesi, ndipo chikwama chachikopa chimachisunga pachitsulo pomwepo. Mfuti yomwe yagona zaka m'chikwama mumaipeza ndi timaenje mbali imodzi ya mpope ndi ya cylinder. Masulaninso zogwirira, chifukwa thukuta la m'manja limabisala pansi pake.

Siyanitsani mitundu iwiri. Dzimbiri la pamwamba, lofiirira ngati fumbi, limachoka ndi kansalu ka mafuta a mfuti ndipo silitsitsa mtengo kwambiri. Timaenje sitibwerera. Kuti muone m'kati mwa mpope, ikani kapepala koyera kumbuyo kwake, muwalitse tochi ya foni papepalapo, inu musuzumire kutsogolo mfuti ili yotsegula. Mizere yozungulira izioneka yakuthwa. Mpope wakuda wa khakha udadyedwa ndi mchere wa zipolopolo zakale womwe sudatsukidwe.

Cholakwa chachikulu ndi kufuna kuikongoletsa musanagulitse. Sandipepa, waya wotsukira mapoto, penti, kapena kupita nayo kwa owotcherera, zonsezi zimachotsa chomwe wogula akulipirira. Kwa osunga mfuti zakale, yotuwa koma ya khungu lake loyamba imaposa yonyezimira yokonzedwanso. Yokonzedwa imadziulula yokha: zilembo zimafufutika, ngodya zimabulungika, ndipo timaenje timaonekera pansi pa utoto watsopano.

Pomaliza yesani makina ake, mfuti ili yopanda kanthu. Ngati hammer ili ndi pogwira, ikokeni pang'onopang'ono ka 6. Nthawi iliyonse cylinder izifika pamalo pake n'kukhoma hammer isanafike kumapeto. Ikamatsalira kapena kugwedera, bowo silikulunjika mpope. Gwedezaninso popindikira, pakamachita khwekhwe, ndalama yokonzera ichoke pamtengo.

Kupeza nambala ya ndalama

Chitsanzo chabwino cha kuika mitengo m'magulu ndi cha ku America. Mu 2018 bungwe la Civilian Marksmanship Program, ku Anniston m'chigawo cha Alabama, lidayamba kugulitsa kwa anthu wamba mfuti za m'manja za M1911 zotsala za asilikali, m'magulu atatu kuyambira zooneka bwino kwambiri: Service Grade pa madola 1,050, Field Grade pa 950, Rack Grade pa 850. Zosowa kwambiri ankazigulitsa pa okushoni. Onani kuti maonekedwe adangosiyanitsa mtengo ndi madola 100 pagulu lililonse, koma kusowa kwa mfuti kulibe malire. Kampani ya Remington Rand idapanga mfuti za mtunduwu zambirimbiri, pomwe Singer, kampani ya makina osokera ija, idapanga 500 zokha, ndipo imodzi ya izo imagula zinazo mulu.

Tsono fufuzani pa intaneti mfuti zosachepera zitatu za mtundu ndi maonekedwe ofanana ndi yanu, zomwe zidagulidwadi. Mtengo wongoitanira ndi maloto a wogulitsa, ngati woyamba kutchulidwa pa kaunjika. Tiyerekeze kuti mwapeza madola 600, 750 ndi 1,400. Werengani chifukwa chake yachitatuyo idakwera. Mwina inali ndi dzina la msilikali ndi makalata ake. Ngati yanu ilibe zimenezo, musawerengere mtengo wachitatuwo, muyambire pakati pa mitengo iwiri yotsalayo, pa 675. Chotsaniponso gawo lomwe a okushoni amadula.

Ngakhale apo, mtengo wakunja sufika wonse ku Luchenza. Kutumiza mfuti kunja kumafuna zilolezo za mayiko onse awiri, ogula a chilolezo kuno ndi ochepa, ndipo zipolopolo za .455 n'zosowa, choncho wofuna mfuti yolondera munda saifuna. Mbiri imakweza mtengo pokhapokha pali umboni. Mawu oti agogo adapita nayo ku Burma ndi gulu la asilikali la King's African Rifles sakwanira. Pakhale chithunzi, kalata yotulukira usilikali kapena laisensi zakale zotchula nambala yomweyo.

Mukagwirizana, lembani kalata ya makope awiri yokhala ndi mtundu wa mfuti, kukula kwa zipolopolo, nambala, zilema zonse zomwe mwaona, manambala a laisensi ya wogulitsa ndi chilolezo cha wogula, komanso mtengo wa dola womwe mwawerengera tsikulo. Kupatsana kuchitike apolisi atamaliza kusintha dzina, ndipo zipolopolo zotsala zilembedwe padera ndi chiwerengero chake.