Momwe mungaphunzitsire mbiri ya Mfumu Simeon II ya ku Bulgaria

Aphunzitsi a mbiri yakale m'masukulu a sekondale muno mu Blantyre, mukafika pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, moyo wa Simeon II ungathandize ophunzira kuona mmene nkhondo imagwera mwana amene sanaiyambitse.

Yambani ndi mapu, muwasonyeze Bulgaria ndi mzinda wa Sofia, kenaka mulembe pa bolodi kuti Simeon anabadwa mu 1937. Bambo ake, Mfumu Boris III, amene dziko lawo linagwirizana ndi Germany mu 1941, anamwalira mwadzidzidzi mu Ogasiti 1943 patangopita masiku ochepa atakumana ndi Hitler, ndipo mwana wamasiyeyo analongedwa ufumu ali ndi zaka 6.

Apa musafulumire. Funsani ophunzira amene amagwirizira ufumu kumudzi kwawo pamene woyenera kulowa akadali wamng'ono, chifukwa ndi zomwezo zimene zinachitika ku Bulgaria: akuluakulu atatu, kuphatikizapo bambo ake aang'ono, Kalonga Kiril, ndiwo ankalamulira m'dzina lake. Asilikali a Soviet Union atalowa m'dzikomo mu Seputembala 1944, boma linagwetsedwa, ndipo mu Febuluwale 1945 atatuwo anaphedwa. Auzeni ophunzira agawe tsamba pawiri, mbali ina alembe zimene mwanayo anachita yekha, mbali inayo zimene ena anachita m'dzina lake. Mbali yoyambayo idzakhala pafupifupi yopanda kanthu, ndipo ine ndimaona kuti phunziro lonse lagona pamenepo.

Referendamu ya 1946 inathetsa ufumu. Popeza ophunzira anamvapo za referendamu yathu ya 1993, afotokozereni kuti ya ku Bulgaria inachitika asilikali a dziko lina ali m'dzikomo, kenaka akambirane m'magulu ngati anthu anali ndi ufulu weniweni wosankha.

Zaka za kuchilendo muzidutse mwachidule. Simeon, mayi ake Mfumukazi Giovanna ndi mlongo wake anapita ku Alexandria m'dziko la Egypt, ndipo mu 1951 anakakhazikika ku Madrid. Anapondanso dziko lake mu 1996, patatha zaka 50, ndipo chipani chake chitapambana chisankho mu 2001 anakhala nduna yaikulu mpaka 2005.

Ntchito yokachitira kunyumba ikhale ya tsamba limodzi, yofotokoza chifukwa chimene anthu a ku Bulgaria anamusankhira kukhala nduna yaikulu koma osabwezeretsa ufumu.