Kapangidwe ka bogi yaing'ono ya sitima

Achimwene, mwafunsa kuti kabogi kakatundu mungakapange bwanji osagula zopangapanga za kunja. Zosavuta izi.

Yambani ndi sikelo, osathamangira lezala. Ambiri amatsata sikelo yotchedwa HO, 1:87, ndiye muyezo uliwonse wa bogi yeniyeni mugawe ndi 87. Njanji yathu ija ya ku Bangula mpaka Nsanje ndi 1,067 mm pakati pa zitsulo zake ziwiri, kugawa ndi 87 ikubwera pafupifupi 12 mm basi, matayala mutalikitse choncho.

Kenako jambulani mbali zonse pakatoni yolimba, dulani ndi lezala yatsopano motsamira rula, pang'onopang'ono kangapo osati kamodzi ndi mphamvu ayi. Pansi pake ikani kathabwa kopyapyala, nthiti za m'mbali ndi timitengo ta machesi, makwerero ndi waya wa kopa.

Gluu pakani pang'ono ndipo muumitse pamthunzi, dzuwa la kuno ku chigwa limapinda katoni mpaka bogi kukhota. Penti yomaliza, ine ndimakonda kuwazako kadothi kofiira kuti izioneka yadzimbiri.

Kukakhala mpikisano wa timabogi totere mukapite nayo ngakhale yapendama, kumeneko anthu samana nzeru, wina akubwerekani pulayala wina akuonetsani mmene amazungulitsira matayala ake, ndipo ana opanga magalimoto amawaya muwatengeko, manja alipo kale amenewo.