Kukhazikitsa umwini wa mafayilo ndi mafoda mu phukusi la Debian

Pa Linux fayilo iliyonse ndi foda iliyonse ili ndi mwini wake komanso gulu lake, koma kompyuta imasunga manambala m'malo mwa mayina: UID ya mwini ndi GID ya gulu. Vuto la wopanga phukusi la .deb (fayilo yoikira pulogalamu pa Debian) limayambira pomwepa. Munthu woyamba kupatsidwa akaunti pa Debian kapena Ubuntu amalandira UID 1000, choncho mukamanga phukusi pa kompyuta yanu mosasamala, mafayilo amalowa m'phukusimo ndi dzina lanu ndi nambala 1000, ndipo akakafika pa seva ina kumene dzina lanulo kulibe, amagwera m'manja mwa aliyense amene ali ndi nambalayo. Ngati ina mwa mafayilowo ndi pulogalamu ya mu /usr/bin, munthu wamba ameneyo angathe kuisintha, ndipo tsiku limene root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta) adzaiyendetse, seva yonse idzakhala m'manja mwake.

Malamulo a Debian Policy amanena kuti mafayilo ndi mafoda a phukusi akhale a root ndi gulu la root. Mafoda ndi mapulogalamu oyendetsedwa amapatsidwa zilolezo za 755, mafayilo ena onse 644. Simufunika kukhala root kuti izi zitheke, ndipo ndikukulangizani kuti musamange phukusi muli root, chifukwa cholakwika chimodzi mu debian/rules (fayilo ya malangizo omangira phukusi) chingathe kufufuta zinthu pa kompyuta yanu yeniyeniyo. Njira yakale ndi fakeroot, imene imanamiza mapulogalamu omangira kuti ali ndi mphamvu za root. Njira yatsopano ndi kulemba mzere uwu mu debian/control:

Rules-Requires-Root: no

Mukagwiritsa ntchito debhelper (zida zothandiza kumanga phukusi), chida chake cha dh_fixperms chimakonza zilolezo chokha. Amene akumanga pamanja alembe chonchi:

dpkg-deb --root-owner-group --build foda-ya-phukusi

Pofunika kuganiza mofatsa ndi pamene pulogalamu yanu imayenda nthawi zonse pa seva ndipo iyenera kulemba zinthu zake kwinakwake, mwachitsanzo mu /var/lib kapena /var/log. Tiyerekeze kuti pulogalamuyo dzina lake ndi nkhokwe. Siyenera kuyenda ngati root, kotero imafuna akaunti yakeyake, ndipo foda ya /var/lib/nkhokwe iyenera kukhala ya akauntiyo. Umwini umenewu simungaulembe pa nthawi yomanga, chifukwa nambala ya akauntiyo sidziwika mpaka phukusi litafika pa kompyuta imene liikidwe. Debian inasunga manambala 0 mpaka 99 kuti akhale ofanana pa makompyuta onse a Debian, n'chifukwa chake www-data ndi 33 kulikonse, koma kuyambira 100 mpaka 999 manambala amaperekedwa malinga ndi amene ali omasuka, moti akaunti ya nkhokwe ingakhale 112 pa seva ino n'kukhala 127 pa seva inayo. Ntchitoyi iyenera kuchitika mu debian/postinst (fayilo ya malamulo amene amayendetsedwa phukusi likangoikidwa), ndipo muzitchula dzina la akaunti, osati nambala.

Poyamba pangani akauntiyo, ndipo muike adduser pa mndandanda wa Depends (mapukusi amene lanu limadalira):

adduser --system --group --home /var/lib/nkhokwe --no-create-home nkhokwe

Kenako perekani fodayo kwa akauntiyo. Ambiri amalemba chown (lamulo losinthira umwini) basi, ndipo imagwiradi ntchito, koma postinst imayenda nthawi iliyonse phukusi likakwezedwa, motero imafafaniza zimene woyang'anira seva anasintha mwadala. Njira yolemekeza woyang'anirayo ndi dpkg-statoverride, imene imalemba umwini m'kaundula wa dpkg (pulogalamu yoika mapukusi) kuti usasokonekere pokweza:

if ! dpkg-statoverride --list /var/lib/nkhokwe >/dev/null; then
  dpkg-statoverride --update --add nkhokwe nkhokwe 0750 /var/lib/nkhokwe
fi

Mzere woyambawo ukufunsa ngati wina anaika kale umwini pa fodayo, ndipo ngati anaika, phukusi lanu silikhudzapo. Kumbukirani kuchotsa zimenezi mu postrm (fayilo yoyendetsedwa phukusi likachotsedwa) pa nthawi ya purge (kuchotsa phukusi kotheratu) ndi dpkg-statoverride --remove.

Chimene ndikukupemphani kuti mupewe kotheratu ndi chown -R (yosintha umwini wa zonse za m'kati) pa foda imene akaunti ya pulogalamuyo imatha kulembamo. Ngati wakuba walowa kudzera mu pulogalamu yanu, angathe kuikamo ulalo (link) woloza ku fayilo yofunika ya kunja kwa fodayo, ndipo pokweza phukusi, root mwiniwake ndiye amene angamupatse fayiloyo kudzera mu chown yanu ija. Lintian, chida chofufuza zolakwika m'mapukusi a Debian, imachenjeza za izi ndi chizindikiro cha recursive-privilege-change, ndipo chenjezolo si lolinyalanyaza. Sinthani umwini wa foda yapamwamba yokha, za m'kati mwake pulogalamuyo idzazipanga yokha ndi dzina lake. Mafayilo a mu /usr ndi pulogalamu yeniyeniyo akhalebe a root ngakhale akauntiyo ndiyo imaiyendetsa. Fayilo ya mu /etc imene ili ndi mawu achinsinsi ikhale ya root, gulu likhale nkhokwe, zilolezo 640, kuti pulogalamu izitha kuwerenga koma isamathe kusintha.

Ngati pulogalamu yanu imadzutsidwa ndi systemd (imene imayambitsa mapulogalamu kompyuta ikayaka), ntchito yambiri imachepa: mukalemba User=nkhokwe ndi StateDirectory=nkhokwe mu fayilo ya service, systemd imapanga /var/lib/nkhokwe n'kuipereka kwa akauntiyo. Opanga phukusi la RPM pa Fedora amalemba umwini mu gawo la %files, mwachitsanzo %attr(0750,nkhokwe,nkhokwe) %dir /var/lib/nkhokwe, bola akauntiyo ipangidwe mafayilo asanaikidwe.

Musanatumize phukusi, onani zam'kati mwake ndi dpkg-deb -c nkhokwe.deb. Mzere uliwonse uyenera kuonetsa root/root, ndipo mukaona dzina lanu, bwererani ku debian/rules. Mukatero liikeni pa makina oyeserera opanda kanthu, muone ls -ld /var/lib/nkhokwe, mulikweze kachiwiri, kenako mulichotse ndi apt purge, kuti mutsimikize kuti umwini uli bwino pa magawo atatu onsewa.