Kuyeza chibadwa cha khansa ya m'mawere pa makoswe: malangizo kwa ogwira ntchito m'labotale

Tengani makoswe awiri aakazi obadwa tsiku limodzi, wina wa mtundu wa Wistar-Furth, wina wa mtundu wa Copenhagen. Adyetseni chakudya chimodzi, agone m'chipinda chimodzi, muwamwetse mankhwala oyambitsa khansa mlingo wofanana. Pakatha masabata 15, wa Wistar-Furth adzakhala ndi zotupa zingapo m'mawere, pomwe wa Copenhagen kawirikawiri sadzakhala nacho n'chimodzi chomwe. Chawasiyanitsa ndi majini omwe anabadwa nawo. Ntchito ya wofufuza ndi kupeza majiniwo, ndipo ntchito yanu, inu osamalira makoswe, ndi kuonetsetsa kuti pasalowe chinthu china chowasiyanitsa kupatula majini okhawo. Kafukufuku wambiri wotere amaonongekera m'khola, asanafike n'komwe pa makina oyezera DNA.

Chifukwa chosankhira khoswe n'chakuti zotupa zake za m'mawere zimafanana ndi za amayi m'maonekedwe, ndipo zambiri zimakula modalira mahomoni a m'thumba la mazira. N'chifukwa chake wasayansi V. Craig Jordan anayesera tamoxifen, mankhwala a khansa ya m'mawere, pa makoswe amenewa m'zaka za m'ma 1970. Majini otchuka a BRCA1 ndi BRCA2, omwe anapezeka mu 1994 ndi 1995, amangofotokoza gawo laling'ono la khansa yoyenda m'banja. Gawo lotsalalo lili m'majini ambirimbiri okhala ndi mphamvu yochepa lililonse, ovuta kuwagwira mwa anthu chifukwa anthu amadya mosiyana, amabereka pa misinkhu yosiyana. M'khola zonsezi zili m'manja mwanu.

Mtundu wa khoswe

Gwiritsani ntchito makoswe okwatitsidwa pachibale, mlongo ndi mlongo wake, kwa mibadwo 20 kapena kuposa, chifukwa amenewa majini awo amakhala ofanana ngati mapasa. Wistar-Furth amagwidwa msanga. Fischer 344 ali pakatikati. Copenhagen ndi Wistar-Kyoto ndi olimba. Sprague-Dawley amagwidwa msanga kwambiri ndipo ndi wabwino poyesera mankhwala, koma ambiri ogulitsidwa sanakwatitsidwe pachibale, kotero aliyense ali ndi majini akeake. Musamugwiritse ntchito posaka malo a majini.

Mtundu wa ACI uli ndi khalidwe lake. Ku mankhwala oyambitsa khansa ngati otchedwa DMBA sugonja kwenikweni, koma mukauika kapaipi kotulutsa homoni ya estradiol pansi pa khungu, pafupifupi aakazi onse amachita khansa ya m'mawere. Brown Norway mukamuchita zomwezo sagwidwa. Choncho mawu oti "mtundu wolimba" alibe tanthauzo mukapanda kunena kuti wolimba ku chiyani.

Msinkhu: apa m'pofunika kudekha

Mu 1961 Charles Huggins wa ku University of Chicago anaonetsa kuti kumwetsa khoswe wamkazi wa Sprague-Dawley mamiligalamu 20 a DMBA kamodzi kokha, ali ndi masiku 50 mpaka 65, kumayambitsa khansa ya m'mawere pafupifupi mwa onse. Chinsinsi chili pa masikuwo. Pa msinkhu umenewu khoswe wangotha kumene msinkhu, ndipo kunsonga kwa timitsempha ta mkaka kuli timphukira todzaza ndi maselo ogawikana mofulumira. Maselo amenewa ndi omwe mankhwala amawaononga mosavuta. Jose Russo ndi Irma Russo anafotokoza bwino kuti timphukirati tikakhwima, mwayi wa khansa umatsika. Umatsikanso khoswe akabereka ndi kuyamwitsa.

Tsono lembani tsiku lobadwa la ana a make aliyense, osati kungoyerekeza poyang'ana kukula kwa thupi. Bere la khoswe limatha masiku 21 mpaka 23, ndipo ana amalekanitsidwa ndi make pa masiku 21. Pamenepo patulani aakazi nthawi yomweyo. Wamwamuna mmodzi wotsalira m'khola la aakazi angathe kuononga gulu lonse, chifukwa khoswe wotenga bere sangawerengedwenso limodzi ndi anzake. Amwetseni onse ali pakati pa masiku 50 ndi 55. Mukamwetsa gulu lina pa masiku 50, lina pa masiku 70, mudzapeza kusiyana kwa zotupa n'kumati ndi majini, chikhalirecho ndi kalendala.

Mlingo ndi kaperekedwe

DMBA sasungunuka m'madzi. Amasungunulidwa m'mafuta a chitowe kapena a chimanga. Pofufuza majini, mlingo wodziwika ndi mamiligalamu 65 pa kilogalamu ya kulemera kwa thupi, kamodzi kokha, kudzera pa kapaipi kosongoka mobulungira kolowetsa kukhosi mpaka m'mimba. Yezani khoswe aliyense payekha tsiku lomwelo: wolemera magalamu 140 alandira mamiligalamu 9.1. Kupereka mlingo umodzi kwa onse n'kulakwitsa, popeza mitundu imasiyana kukula, ndiye waung'onoyo adzalandira wambiri. Kapaipi kakakana kulowa musakakamize. Katulutseni, muongole mutu ndi khosi la khoswe, muyambirenso. Mafuta akalowa m'mapapo khoswe amabanika, ndipo ambiri sapulumuka.

Njira ina ndi ya mankhwala ena oyambitsa khansa otchedwa MNU, yomwe Pietro Gullino ndi anzake anaifotokoza mu 1975. Masiku ano ambiri amabaya mamiligalamu 50 pa kilogalamu, kamodzi. Kusiyana kwake n'kofunika pa nkhani ya majini: DMBA amayamba wasinthidwa ndi thupi kuti akhale woononga, pomwe MNU amaononga DNA mwachindunji. Ngati mtundu wina uli wolimba ku mankhwala onse awiri, ndiye kuti kulimbako sikuchokera pa momwe thupi limasinthira DMBA. Vuto la MNU ndi lakuti amaguga msanga akasungunulidwa. Msungunuleni m'madzi amchere a asidi pang'ono, mumutchinge ku kuwala, ndipo mubaye pasanathe mphindi 20 kapena 30. Konzani pang'onopang'ono, ndipo pobaya sinthanitsani magulu, wina wa gulu ili, wina wa gulu lija, kuti gulu limodzi lisalandire mankhwala ofooka okhaokha.

Mankhwala onsewa akuganiziridwa kuti angathe kuyambitsa khansa mwa anthunso. Yezerani ufa wake m'kabati yokoka mpweya, muvale magolovesi awiriawiri, chotchinga mphuno ndi maso. Utuchi wogonera makoswe wa masiku oyamba muutaye ngati zinyalala zoopsa. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi. Ndipo pasagulidwe khoswe ndi mmodzi yemwe komiti yoona za kasamalidwe ka nyama isanavomereze dongosolo lanu.

M'khola

Kutentha kukhale madigiri 20 mpaka 24, kuwala maola 12, mdima maola 12. Getsi loiwalika usiku limasokoneza mahomoni. Chakudya chamafuta ambiri chimachulukitsa zotupa, kuchepetsa chakudya kumazichepetsa, ndipo soya ali ndi zinthu zochita ngati homoni ya estrogen. Choncho chakudya chikhale chimodzimodzi kuyambira kwa make mpaka kumapeto.

Kufufuza ndi kuwerenga zotupa

Khoswe wamkazi ali ndi mawere 12, asanu ndi limodzi mbali iliyonse, ndipo mnofu wa mawerewo wafalikira kuyambira kukhosi, m'khwapa, mpaka m'mphechepeche. Osazolowera amangofufuza pamimba, n'kuphonya zotupa za m'khwapa ndi pachifuwa pomwe zimakonda kutuluka. Yambani kufufuza ndi zala pakatha masabata anayi kapena asanu, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Jambulani thupi la khoswe aliyense papepala, mulembe malo, tsiku ndi kukula kwa chotupa chilichonse. Wofufuzayo asadziwe kuti khoswe ali m'gulu liti. Chala chimapeza msanga chomwe mtima ukuyembekezera.

Lembani zinthu zitatu: makoswe angati agwidwa, chotupa choyamba chatenga masiku angati, ndiponso khoswe aliyense ali ndi zotupa zingati. Chachitatuchi ndi chomwe chimaonetsa bwino mphamvu ya majini. Pomaliza, nthawi zambiri pa masabata 15, werengani zotupa zofika mamilimita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi. Chilichonse chiikidwe mu formalin wa 10 peresenti wochuluka kakhumi kuposa mnofuwo, chikaonedwe pa maikulosikopu. Si chotupa chilichonse chomwe chili khansa: makoswe amachitanso zotupa zosaopsa zotchedwa fibroadenoma, makamaka akamakalamba, ndipo kuziphatikiza kumasokoneza chiwerengero.

Khoswe yemwe chotupa chake chaphulika n'kukhala chilonda, kapena chakula mpaka kumulepheretsa kuyenda ndi kudya, kapena watsika thupi ndi 20 peresenti, aphedwe mwachifundo tsiku lomwelo. Musamusunge pofuna kukwanitsa masabata. Nyama zimenezi zikuvutika m'malo mwa anthu, ndipo kuzisiya mu ululu wosafunika n'kulakwa.

Kukwatitsa mitundu kuti majini aoneke

Kwatitsani Wistar-Furth ndi Copenhagen. Ana awo amatuluka olimba ku DMBA, zomwe zikuonetsa kuti kulimbako kumaphimba kufooka. Anawo muwakwatitsenso ndi Wistar-Furth. Adzukuluwo aliyense atenga zidutswa zosiyanasiyana za Copenhagen. Pamafunika aakazi mazana angapo. Dulani kachidutswa ka khutu kapena ka nsonga ya mchira, muyeze DNA pa makromosomu (timaulusi tonyamula majini) onse, omwe mwa khoswe alipo mapeya 21, kenako muone kuti ndi chidutswa chiti cha Copenhagen chomwe chikupezeka mwa okhala ndi zotupa zochepa. Nambala ya khoswe ndi ya kabotolo ka DNA zikasemphana, ntchito ya chaka yapita padera, choncho awiri aziona nambala pamodzi.

Umu ndi momwe gulu la Michael Gould ku University of Wisconsin linapezera malo otchedwa Mcs1 pa kromosomu 2 mu 1994, kenako Mcs2, Mcs3 ndi Mcs4. Pokwatitsa ndi Wistar-Kyoto anapeza Mcs5 mpaka Mcs8. James Shull ndi anzake, pogwiritsa ntchito ACI ndi estradiol, anapeza malo otchedwa Emca. Chodabwitsa n'chakuti mtundu wolimba umanyamulanso zidutswa zoonjezera khansa, monga Mcs4, zomwe zimangobisika pansi pa zoteteza.

Malo opezeka motere amakhala aakulu, okhala ndi majini ambiri. Kuti muwachepetse, pitirizani kukwatitsa ndi Wistar-Furth kwa mibadwo pafupifupi 10, mukusankha mwana wonyamula chidutswacho m'badwo uliwonse, mpaka mutapeza khoswe yemwe ndi Wistar-Furth paliponse kupatula pamalo amodziwo. Muyerekezeni ndi abale ake osanyamula chidutswacho, oleredwa m'chipinda chomwecho nyengo yomweyo, osati ndi ziwerengero za chaka chatha.

Musadabwe mphamvu ikasowa pamene mukudula chidutswacho. Mcs5 itadulidwa inapezeka kuti muli malo angapo, ena oteteza, ena oonjezera. Gawo la Mcs5a limateteza pokhapokha tizidutswa take tiwiri tili limodzi pa kromosomu imodzi. Mukatilekanitsa chitetezo chimatha. Lili pafupi ndi majini a Fbxo10 ndi Frmpd1, ndipo limagwira ntchito kudzera m'maselo a chitetezo cha thupi, osati m'bere mwenimwenimo. Mu 2007 kunasindikizidwa zosonyeza kuti malo ofanana nawo pa kromosomu 9 ya munthu akukhudzana ndi chiopsezo cha khansa ya m'mawere mwa amayi. Mcs1b, yomwe ndi gawo la Mcs1, nayo ikufanana ndi malo a pa kromosomu 5 ya munthu, pafupi ndi jini la MAP3K1.

Polemba zotsatira, nenani poyera malire ake. Zotupa za makoswezi sizikonda kufalikira ku ziwalo zina monga zimachitira mwa amayi, ndipo zambiri za MNU zimakhala ndi kusintha pa jini la H-ras komwe sikupezeka kawirikawiri mu khansa ya m'mawere ya anthu. Malo omwe mwapeza muwayang'ane mu Rat Genome Database, nkhokwe ya pa intaneti ya majini a khoswe ya ku Medical College of Wisconsin, muone kuti akugwirizana ndi gawo liti la DNA ya munthu, musanatchule dzina la jini lililonse.