Windo ya galimoto yakana kukwera? Musathamangire kugula mota

Windo imadziwa kusankha nthawi yofera, mvula yayamba kudontha galasi lili pansi, mukudina swichi koma zii. Ambiri apa amangoti basi mota yapsa nkuthamangira kukagula ina, chonsecho khutu lanu ndi kababu kotesitira moto zikanakuuzani pomwe pali vuto musanatulutse ndalama.

Yambani ndi kabatani ka loko kali pachitseko cha dalaivala. Pa ma Vitz, Passo, Sienta ndi anzawo ochoka ku Japan aja, kakadinidwa mawindo a okwera onse amaleka kugwira, imatsala ya dalaivala yokha. Ana amakonda kukaseweretsa. Ndinaonapo mkulu wina atamasula chitseko chonse mpaka thukuta kamukamu, vuto lili kabatani komweka.

Ngati mawindo onse afa limodzi, kiyi ali pa ON, mota zonse sizingapse tsiku limodzi ayi, pitani ku fyuzi. Kabokosi kake kamakhala pansi pa dashibodi, pachivindikiro pali chithunzi, pa Toyota fufuzani polembedwa POWER kapena P/W, nthawi zambiri imakhala ya 20A kapena 30A. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Zomanga kawaya kapena kapepala ka siliva ka mupaketi ya fodya zija chonde ayi, mudzaotcha mawaya onse. Yatsopano ikapsanso pompo ndiye kuti pali shoti penapake.

Ikakhala windo imodzi, iyeseni pa swichi yake komanso pa ya dalaivala. Ikayenda ndi imodzi nkukana inayo, yodwala ndi swichi yokanayo, mwina ndi fumbi chabe kapena madzi a mvula analowamo, kuitsegula nkupukuta timakontaki take imadzuka.

Tsopano apa mpofunika khutu. Zimitsani injini ndi wailesi, kiyi akhale pa ON, yatsani nyale ya padenga nkudina swichi mukuyang'ana nyaleyo. Ikachita ngati ikufuna kuzima pang'ono ndiye kuti moto ukufika ku mota koma china chake chagwira, kaya galasi lakanirira mu labala kaya mota yauma. Mukamva mota ikulira nguuu galasi osasuntha, kapena phokoso ngati mukutafuna mchenga, mota ili moyo, chafa ndi regulator, kachitsulo konyamula galasi kaja, waya wake waduka kapena wapiringizana, ndipo galasi limatha kugwera mkati mwa chitseko lokha. Koma kukakhala zii, nyale osaphethira, moto sukufika kapena mota yafadi.

Musanamasule chitseko kankhani labala yonga khodiyoni ili pakati pa chitseko ndi bodi, pafupi ndi mahinjesi. Mawaya a mmenemo amapindika tsiku lililonse mukatsegula nkutseka, makamaka chitseko cha dalaivala, ndiye amaduka mkati chikopa chili bwinobwino. Gwirani swichi uku mukusuntha chitseko pang'onopang'ono, galasi likangoti gwede mwapeza.

Pomasula, masikuluu amabisala kuseri kwa handulo ndi pogwirira potseka, kenako bolodi lamkati mwa chitsekolo mumalikoka kuyambira pansi, timakilipi timalira phwa phwa, tina tithyoka basi musadandaule. Pepala la pulasitiki lili mkatimo lisendeni bwino osaling'amba, ndi lomwe limatchinga madzi. Zulani pulagi ya mota, ikanipo kababu, dinani swichi. Babu ikayaka mmwamba ndi pansi pomwe koma mota ili phee, mota ndiye yatha. Mota ya mawaya awiri mutha kuipatsa 12V kuchoka ku batire mwachindunji, mukatembenuza mawaya nayo imatembenuka. Ya AUTO, yoyendetsa galasi lokha mukangodina kamodzi ija, ili ndi mawaya ambiri, ang'onoang'onowo ndi a sensa, musaikepo moto. Pena kuimenya pang'ono ndi chigwiriro cha screwdriver wina akudina swichi imayenda, kwezani galasi msanga, koma dziwani kuti mabulashi ake, timakala topatsira moto mkati mwa motamo, atha, mawa ikananso.

Posintha mota kapena regulator, kwezani galasi ndi manja nkulimata ndi tepi yolimba pamwamba pa chitseko, chotsani kiyi musanalowetse dzanja, regulator ya mtundu wooneka ngati sizasi ili ndi sipuling'i yamphamvu, imaluma zala zenizeni. Mabawuti ambiri ndi a sipanala ya 10. Pokagula nyamulani yakaleyo chifukwa ya kumanja ndi ya kumanzere sizifanana, ndipo ngati ndi yochotsa pa galimoto ina aiyese pa batire mukuona.

Galasi longokwera mwaulesi, tsukani malabala a mmbali fumbi la October lija lichoke nkupopera silicone spray, osati girisi kapena oyilo wa injini, zimenezo zimakoka fumbi nkufufumitsa labala. Ndipo AUTO ikaleka mutachotsa batire sikuti yafa, pa ma Toyota ambiri tsitsani galasi, likwezeni mpaka litseke, nkugwirabe swichi mmwamba masekondi angapo, imakumbukira yokha.