Kompyuta yayaka koma sikirini ili bii: yambani apa musanainyamule

Kompyuta ya patebulo ikaima mwadzidzidzi, mausi osasuntha, kenako mukaiyatsanso fani n'kumazungulira koma sikirini osaonetsa kanthu, ambiri amafulumira kunena kuti motherboard, thabwa lalikulu lam'kati lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yapsa. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono: chingwe, fumbi kapena RAM, timatabwa ta memori tam'kati. Yambani ndi zakunja, zam'kati zibwere pambuyo.

Ngati yangoima koma sikirini ikuonetsabe, dinani Caps Lock. Kanyali ka pa kiyibodi kakayaka n'kuzima, makina akadali moyo. Dinani Ctrl, Alt ndi Delete pamodzi, mutsegule Task Manager, mutseke pulogalamu yomwe yakanirira. Pa Windows 10 ndi 11, kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B kumadzutsanso zithunzi. Zikakanika, gwirani batani loyatsira masekondi 10 mpaka izime.

Kenako onani monita. Ikalemba kuti "No Signal", iyoyo ili bwino, chithunzi ndiye sichikufika. Zulani chingwe cha VGA, chamutu wabuluu chija, kapena cha HDMI, mulowetsenso mbali zonse ziwiri, ndipo muone ngati timano ta VGA sitinapindike. Apa pali msampha: kompyuta ikakhala ndi graphics card yapadera, khadi yotumiza zithunzi ku monita, chingwe chilowe pa khadiyo, chakumunsi, osati pa malo a motherboard omwe ali pafupi ndi ma USB. Ngati TV ya pabalaza ili ndi HDMI, yesanipo.

Za magetsi, ife a ku Chipata sitifunika kuuzidwa. Madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba mu 2024, malaiti ankapita maola ambiri patsiku, ndipo akamabwerera si nthawi zonse amabwera mofatsa. Zulani pulagi pakhoma, gwirani batani loyatsira masekondi 30 kuti mphamvu yotsalira ithe, mulumikizenso pa soketi ya pakhoma mwachindunji, musiye kaye adaputa yodzaza ndi machaja ija. Makompyuta ena akale ochokera kunja ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kuno ku Zambia kakhale pa 230. Kakakhala pa 115, mungomva phuu ndi fungo la kupserera.

Tsopano tsegulani bokosi, pulagi ili yozula. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi asaononge zipangizo. RAM ndi timatabwa titalitali toima pafupi ndi fani ya purosesa. Kankhirani kunja timakilipi ta m'mbali, mutulutse, mupukute mano agolide aja ndi labala yoyera ya pensulo, mofatsa, ndi kuchotsa zinyenyeswa zonse. Pobwezeretsa onetsetsani kuti kampata ka pakati kagwirizana ndi kam'malomo, mukanikize mpaka mumve kuti thwa. Ngati ndi tiwiri, ikani kamodzi kaye muyatse. Ikakana, sinthani ndi kinzake, ndiye muyesenso malo ena. Kutero kumachedwetsa, komabe ndiko kumaulula kamene kafa. Mvetseraninso kulira kwa bipu, ndipo pa kompyuta za Dell OptiPlex onani ngati batani loyatsira likuphethira mwachikasu. Werengani kuti likuphethira kangati, chifukwa buku la mtundu umenewo limamasulira nambalazo.

Fumbi la September ndi October limamatirira pa fani ngati thonje, purosesa n'kutentha, kompyuta n'kumaima ikagwira ntchito kanthawi. Lipemerereni panja ndi blower, fani mutaigwira ndi chala kuti isazungulire. Nsalu yonyowa ayi.

Ikakanabe, chotsani kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032 ka mavoti 3, mudikire mphindi 5, mubwezeretse. Ngati deti ndi nthawi zakhala zikusokonekera, gulani katsopano.

Bokosi la power supply, lomwe chingwe cha magetsi chimalowamo, musalitsegule, limasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Mukamva fungo la kupsa, kapena kuona timigolo ta pa motherboard titatupa pamwamba, imeneyo ndi ya katswiri. Koma akangoti "tiifomate", kutanthauza kufufuta zonse n'kuikanso Windows, funsani kaye: sikirini yosaonetsa ngakhale chizindikiro cha Dell kapena HP siichira ndi kufomata, pakuti Windows imakhala isanayambe n'komwe. Mafayilo anu ali pa hard drive, ndipo angathe kukoperedwa pa kompyuta ina ntchito isanayambe.